Wotchi ya pamkono imamva chiyani nyimbo ikamalira?

Tembenuzani wotchi yamakono ya pamkono, ija yowerenga masitepe, muone kumimba kwake. Mupeza timagetsi tobiriwira tikuphethira. Magazi amamwa kuwala kobiriwira, choncho mtima ukapopa n'kudzaza timitsempha ta pamkono, kuwala kobwerera ku wotchi kumachepa, kenako n'kuchulukanso. Wotchi imawerenga kusinthasintha kumeneku n'kukuuzani kuti mtima wanu ukugunda kangati pa mphindi. Zibangili zina zopangidwira ofufuza, monga Empatica E4, zilinso ndi tizitsulo tiwiri togunda khungu. Munthu akadzidzimuka, kapena nyimbo ikamuchititsa tsembwe, pakhungu pamatuluka kathukuta kosaoneka ndi maso, ndipo kamachititsa kuti magetsi adutse mosavuta. Tizitsulo tija timayeza zimenezo.

Zipangizozi zisanafale, wofufuza ankagoneka munthu m'chipinda n'kumumata mawaya. Zina zabwino zidatuluka m'njira imeneyi. Mu 2006, Luciano Bernardi wa ku Pavia, m'dziko la Italy, adamvetsera anthu 24 nyimbo zosiyanasiyana, theka la iwo oimba, theka osaimba. Adapeza kuti chofulumizitsa mtima ndi kupuma ndi liwiro la nyimbo, osati mtundu wake. Chodabwitsa chidali pa mphindi 2 za chete zomwe ankaika pakati pa nyimbozo: apa m'pomwe mtima ndi kuthamanga kwa magazi zidatsika kwambiri, kuposa momwe zidaliri nyimbo zisanayambe n'komwe.

Koma ndani amamvera nyimbo atagona chagada, mawaya ali thupi lonse? Phindu la zipangizo zovala lili pomwepa, poti munthu amapita nazo kumene nyimbo imaimbidwadi. Wolfgang Tschacher ndi anzake adaveka zoyezera anthu 132 omwe adapita kukamvera oimba ku Berlin, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2023. Anthuwo adali khale pamipando, koma kugunda kwa mitima yawo, liwiro la kupuma ndi kathukuta kaja zinkakwera ndi kutsika pamodzi. Ku McMaster University ku Canada, ofufuza adaveka ovina timalamba ta kumutu toyeza kugwedezeka kwa thupi, n'kumayatsa ndi kuzimitsa masipika a besi yotsika kwambiri, yoti khutu silikuizindikira. Besiyo ikayaka, anthu ankavina moonjezera ndi pafupifupi 12 peresenti. A zimbale za paukwati mwina anena kuti izi adazidziwa kalekale.

Kafukufuku yemwe ine ndimamukonda ndi wa kwaya, chifukwa amaonetsa chomwe chimachitika, osangoti chachitika. Mu 2013, Björn Vickhoff wa ku Gothenburg, Sweden, adayeza mitima ya achinyamata akuimba pamodzi, n'kupeza kuti inkafulumira ndi kuchedwa nthawi imodzi. Palibe zamatsenga apa. Tonsefe tikamakoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, tikamautulutsa umachedwa, chifukwa cha mtsempha wotchedwa vagus womwe umagwira ngati buleki ya mtima. Woimba amatulutsa mpweya pang'onopang'ono mpaka mzere wa nyimbo uthe, kenako n'kukoka mwachangu. Onse a m'kwaya amapumira malo amodzi, pomwe wotsogolera wawauza, ndiye mitima imangotsatira mapapo. Kwaya ya kumpingo kwanu ikamakoka nyimbo yodekha ya mizere yaitali, zomwe zikuchitika m'zifuwa mwawo ndi zomwezi.

Tsono apa m'pomwe ndimasiyana ndi amalonda omwe amati wotchi idziwa momwe mukumvera mumtima n'kukusankhirani nyimbo yochiritsa. Wotchi imayeza kutakasuka kwa thupi basi. Mtima wa mayi yemwe akulira chifukwa nyimbo yamukumbutsa maliro a mwamuna wake, ndi wa mtsikana yemwe wakondwa chifukwa nyimbo yomweyo idaimbidwa pachinkhoswe chake, yonse ingathe kufulumira mofanana. Khofi, kutentha kwa m'holo, ngakhale kungoimirira, zimasuntha manambala omwewo. N'chifukwa chake ofufuza osamala amafunsabe munthuyo kuti wamva bwanji, ndipo a ku Berlin aja adapereka mafunso oyankha nyimbo zisanayambe komanso zitatha.

Palinso vuto la chipangizo chenicheni. Mkono ukamagwedezeka, wotchi imaseweraseweranso pakhungu, kuwala kumasokonezeka, ndipo manambala amalakwika kwambiri nthawi yomwe tikufuna kuyeza wovina. Lamba wa pachifuwa, yemwe amamva magetsi a mtima mwachindunji, ndiye wodalirika pamenepa. Khungu lakuda nalo limamwa kuwala kobiriwira kwambiri. Pa mawotchi, kafukufuku wa ku Duke University wa mu 2020 sadapeze kusiyana kwenikweni chifukwa cha khungu. Koma chaka chomwecho, madokotala a ku University of Michigan adaonetsa kuti kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni, komwe nako kamadalira kuwala, kankaphonya kuchepa kwa okosijeni mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu.

Ngati muli nayo wotchi yotere, yesani izi: imangeni bwino pamwamba pang'ono pa kafupa ka pamkono, khalani pansi mphindi 5, onani nambala. Mverani nyimbo yothamanga, kenako zimitsani mukhale chete mphindi 2, muonenso. Koma musasiye mankhwala a BP chifukwa nambala yatsika madzulo amodzi, ndipo mtima ukamadumphadumpha popanda chifukwa, pitani kuchipatala akakuyezeni ndi makina oyeza magetsi a mtima otchedwa ECG.