Kaduwa ka ku Namaqualand konamiza ntchentche

Dera la Namaqualand, kumpoto chakumadzulo kwa South Africa, limakhala louma pafupifupi chaka chonse. Mvula yake yochepayo imagwa m'nyengo yozizira, ndipo ikagwa bwino, mu Ogasiti ndi Seputembala pansi ponse pamachita kuti psuu ndi maluwa. Anthu akamanditumizira zithunzi kuti ndiwauze dzina, ambiri amajambula duwa chakumaso kokha. Apo ndimasowa pogwira, chifukwa kumeneko maluwa aolenji a m'banja la mpendadzuwa ndi chisoso ndi ambirimbiri.

Kaduwa kamene ndimakakonda ndi Gorteria diffusa. Kamayanga pansi, tsinde lake lili ndi ubweya wokhakhala, ndipo kamamera, kuchita maluwa ndi kuuma m'nyengo imodzi. Chakufupi ndi tauni ya Springbok, timasamba tina ta duwa lake, osati tonse, timakhala ndi dontho lakuda lotukuka, lonyezimira pakati. Mukawerama mumayesa patera ntchentche. Ntchentche yaimuna yotchedwa Megapalpus capensis nayo imayesa kuti yapeza yaikazi. Imatera, imavutika pamenepo, n'kuchoka itadzola mungu umene ikasiye pa duwa lina.

Koma pofuna kuzindikira kaduwaka, madonthowa musawadalire kwambiri. Amasiyana dera ndi dera, kwina ndi osatukuka n'komwe. Pindani duwalo pang'ono muone kunsi. Timasamba tobiriwira tokuta mutu wake ndi tosongoka, tolimba, tolumikizana m'munsi. Njere zikakhwima mutu wonse umauma gwa n'kugwa pansi njerezo zili m'kati, ndipo mbande imamera kuchokera m'mutu womwewo. Ndiye mukayang'ana patsinde, pamene pakumana ndi mchenga, nthawi zambiri mumapeza kamutu kakale ka minga kakadali pomwepo. Chizindikiro chimenechi sichinandikhumudwitsepo.

Dimorphotheca sinuata, duwa lotchuka la kuderali, mungalisokoneze ndi kameneka mukaonera patali. Ilo limaima chilili, kunsi kwa mutu wake n'kofewa, ndipo limabala njere zamitundu iwiri: zaphanthiphanthi zouluka ndi mphepo, ndi zina zonga timitengo.

Mukafuna kukaona maluwawa, pitani dzuwa litakwera, likhale kumsana kwanu, chifukwa kukachita mitambo kapena kukamada maluwawa amatsekeka. Ku Skilpad, m'malo otetezedwa a Namaqua National Park, kuthyola kapena kuzula n'koletsedwa, choncho gwadani mujambule kunsi kwa mutu, tsamba limodzi ndi patsinde, chala chanu chili pambali kuti kukula kwake kuoneke.