Sitima ikaima kutchire, pali amene waiimitsa

Anthu amene amakwera sitima ya pamtunda kuchokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kupita ku Beira amandifunsa kawirikawiri chifukwa chimene sitimayo imaimira nthawi yaitali pa kasiteshoni ka kutchire, pamene palibe wokwera ngakhale wotsika. Ambiri amangoti injini yafa. Ine ndakhala zaka zambiri ndikuyang'anira bwalo la sitima, kumene mabogi amalumikizidwa ndi kulekanitsidwa, ndipo ndikudziwa kuti nthawi zambiri kuimako kumakhala kolamulidwa.

Njanji ya Sena, imene inafika ku Moatize m'chaka cha 1949, ndi yotalika makilomita pafupifupi 575 mpaka ku Beira, ndipo ndi ya mzere umodzi. Sitima yotsika ndi malasha ndi ina yobwerera yopanda katundu zimadutsa pa zitsulo zomwezo, choncho zingathe kupatukirana pokhapokha pamene pali mzere wachiwiri wapambali. Imodzi imalowa m'mbalimo n'kudikira kuti inzake idutse. Pa mlatho wa Dona Ana ku Mutarara, umene umawoloka Zambezi pa mtunda woposa makilomita 3.5, palibe popatukirana nkomwe. Woyendetsa sitima, amene kuno timamutcha maquinista, sanyamuka mwa kufuna kwake, koma amayembekeza chilolezo cha oyang'anira mayendedwe, ndipo chilolezocho sichiperekedwa mpaka zitatsimikizika kuti chigawo cha njanji chimene chili patsogolo pake mulibe sitima ina.

Kudikira kwina kumayambira m'bwalo mwathu momwe, sitima isanachoke. Mabogi akalumikizidwa, wantchito amalowa pakati pawo n'kumangirira paipi ya mpweya imene imayenda kuchokera ku injini mpaka ku bogi yomalizira. Pa sitima za malasha zamasiku ano, mpweya wothinikizidwa m'paipimo ndi umene umachititsa kuti mabuleki akhale omasuka; ukachepa, mabuleki amagwira. Anakonza dala chomwecho kuti sitima ikaduka pakati, mpweya utuluke ndipo zigawo zonse ziwiri ziime zokha. Koma pali ngozi imodzi imene imandisowetsa tulo: kampopi kamodzi kotsegulira mpweya kakaiwalika kali kotseka pakati pa sitima, woyendetsa sangathenso kulamulira mabuleki a mabogi onse amene ali kumbuyo kwa kampopiko, ndipo iye sazindikira mpaka pamene akufuna kuima.

N'chifukwa chake tisanalole sitima kunyamuka, munthu amayenda wapansi m'mbali mwake, akuwerama pa bogi iliyonse kuona ngati mabuleki agwiradi gudumu, kenako ngati amasukanso. Pa sitima zopita ku Nacala, zimene zimayenda pa njanji ya makilomita 912 yodutsa m'dziko la Malawi ndipo zimakoka mabogi oposa 100, ulendo wapansiwu umapitirira kilomita imodzi. Ndaonapo mnyamata akubwerera kumapeto kwa sitima malaya atanyowa ndi thukuta, nkhope ili bii ndi fumbi la malasha, n'kundiuza kuti bogi imodzi siinamvere. Pamenepo sindiyang'ananso wotchi. Bogiyo imakonzedwa kapena kuchotsedwa, ndipo kuichotsa kumafuna kutembenuza agulha, zitsulo zosongoka zimene zimalozera magudumu mzere woti alowe, n'kubweza sitima kangapo. Woyang'anira bwalo amene amafulumizitsa ntchito imeneyi pofuna kusunga nthawi, kwa ine sayenera udindowo, chifukwa sitima yodzaza malasha imatha kufuna mtunda woposa kilomita imodzi kuti iime ngakhale mabuleki onse ali bwino.

Dzuwa la kuno nalo limalowererapo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha ku Tete kumapitirira madigiri 40, ndipo chitsulo cha njanji chimatentha kuposa pamenepo, moti sungachigwire ndi dzanja. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo pamene miyala yochirikiza njanji yachepa chimatha kupindikira kumbali. Masana otere oyendetsa amalamulidwa kuchepetsa liwiro m'malo okayikitsa, monganso zimakhalira m'dzinja madzi akakokolola miyala. Sitima imene yachepetsa liwiro imafika mochedwa pamalo opatukirana, ndipo inzake imene inafika kale m'mzere wapambali imakhalabe chiimire, okwera ali m'kati, mpaka bogi yomalizira ya malasha itadutsa ndipo chilolezo chatsopano chitaperekedwa.