Mphoto ya Hugo: gawo la sewero la pa TV limapambana bwanji?

Kodi Hugo ndi mphoto yanji?

Ndi mphoto ya nkhani zopeka za sayansi. Inayamba mu 1953 ndipo imaperekedwa pa Worldcon, msonkhano wa okonda nkhani zotere ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Dzinali linachokera kwa Hugo Gernsback, amene anayambitsa magazini ya Amazing Stories mu 1926.

Amasankha wopambana ndani?

Palibe gulu la oweruza. Amavota ndi mamembala a World Science Fiction Society, ndipo aliyense wolipira umembala amavota ngakhale asapite ku msonkhanoko. Poyamba membala amatchula ntchito zosaposa 5 zotuluka chaka chapitacho, ndipo 6 zimalowa m'ndime yomaliza. Kenako amazisanja kuyambira imene waikonda kwambiri. Akaona kuti palibe yoyenera, ali ndi ufulu wovota kuti mphoto isaperekedwe.

Nanga gawo limodzi limapikisana ndi filimu yathunthu?

Kale zinali choncho. Kuyambira 2003 anazigawa pawiri, ndipo malire ake ndi mphindi 90. Magawo ambiri a pa TV amagwera kumbali ya zazifupi.

Ndi gawo liti limene limasonyeza bwino zimene ovota amafuna?

"The City on the Edge of Forever" la Star Trek, lomwe wayilesi ya kanema ya NBC inaonetsa pa 6 April 1967 n'kupambana mu 1968. Chaka chimenecho onse 5 opikisana anali magawo a Star Trek, choncho kutchuka kwa seweroli sikukanathandiza gawo lililonse.

Dokotala McCoy, mutu utasokonekera ndi mankhwala, akubwerera m'mbuyo m'nthawi mpaka ku New York ya mu 1930 n'kupulumutsa Edith Keeler, mayi wodyetsa osauka. Edith akakhala ndi moyo adzatsogolera gulu lokana nkhondo, America idzachedwa kulowa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo Germany idzapambana. Kirk, mtsogoleri wa McCoy, amene wamutsatira m'nthawiyo kuti zimenezi zisachitike, akudziwa kuti Edith ayenera kufa, koma wamukonda mayiyo. Edith akuwoloka msewu, lole ikubwera, McCoy akufuna kuthamanga kukamupulumutsa, Kirk n'kugwira McCoy mwamphamvu, nkhope atayang'anitsa kumbali.

Ine ndimati mphoto inagwera pamalo pake chifukwa cha mphindi imeneyo. Olemba sanamupezere Kirk njira yozembera. Edith sanalakwe kanthu, maganizo ake a mtendere ndi abwino, kungoti anafika nthawi isanakwane, ndipo woonera amamva ululu wa zimenezi.

Kodi mphoto imayang'ana zolembedwa kapena zoonetsedwa?

Zoonetsedwa. Harlan Ellison ndi amene analemba nkhaniyi, koma Gene Roddenberry (amene anayambitsa Star Trek), wolemba wina D. C. Fontana ndi ena anaisintha kwambiri isanajambulidwe, zomwe zinamukwiyitsa kwa zaka zambiri. Hugo inapita ku gawo lomwe anthu anaonera, lotsogoleredwa ndi Joseph Pevney. Zolemba zoyambirira za Ellison zinalandira mphoto ina, ya bungwe la olemba la Writers Guild of America, m'chaka chomwecho cha 1968.