Pampu yomwe imangogona kudikira tsiku la moto

Sabata yatha tili pa tiyi ku Katoto mnzanga wina anandifunsa kuti aise, iweyo ntchito yako ndi yoyendera mathanki ndi mapampu ozimitsira moto m'mafakitale ndi m'mahotela, ndiye tandiuza, kumalo opangira magetsi a nyukiliya kuja moto ukabuka amazima ndi chani, si pamafunika mankhwala ena ake apadera? Ndinamuuza kuti madzi. Madzi omwewa timatunga pampopi ochokera ku damu la Lunyangwa. Anaseka akuona ngati ndikumunamiza, koma ndi zoona, nkhani yonse imagona poti madziwo apezekadi pa ola lomwe akufunikalo kapena ayi.

Kuno kwathu tilibe nyukiliya, magetsi athu ambiri ndi a mumtsinje wa Shire, Nkula, Tedzani, Kapichira. Uranium yekha ndi amene tili naye ku Kayelekera ku Karonga, ndipo mu Africa muno siteshoni yomwe ikugwira ntchito ndi imodzi basi, Koeberg pafupi ndi Cape Town, inayamba 1984. Koma ife a ntchito imeneyi timaphunzira kwambiri kwa anthu a nyukiliya chifukwa iwo kulakwitsa sakuloledwa.

Zinayambira pa kandulo. Pa 22 March 1975 pa siteshoni ya Browns Ferry ku Alabama, ku America, amisiri ankamata mabowo omwe mawaya amadutsira pakhoma, ndiye pofuna kuona ngati mphepo ikudutsabe ankayandikiza kandulo kuona ngati lawi likupendekeka, eti kandulo mkati mwa siteshoni ya nyukiliya, lawi lija linakokedwa n'kuyatsa siponji yomwe anamatira ija, moto n'kulowa m'ngalande za mawaya. Unayaka maola pafupifupi 7 ndipo mawaya oposa 1,600 anapsa. Chomwe chimandiwawa ine ndichoti madzi analipo. Mkulu wa ozimitsa moto a tauni ya Athens anawauza kuti thirani madzi, mabwana apamalopo anakana poopa shoti ya magetsi, anakakamira ufa ndi mpweya wozimitsira moto, moto n'kumangodzukanso. Atalola madzi madzulo, patangopita mphindi zochepa moto unatheratu.

Mwina mukuti mawaya okha bwanji kuda nawo nkhawa chonchi. Riyakita, chimphika chomwe uranium amatulutsiramo kutentha kopangira magetsi, ili ngati mbaula, mukaphula poto makala amakhala akadali psuu. Ngakhale muizimitse imapitiriza kutulutsa kutentha, poyamba cha m'ma 6 kapena 7 peresenti ya mphamvu yake, kenako kumatsika pang'onopang'ono kwa masiku, ndiye mapampu oziziritsa akuyenera kumazungulirabe, ndipo mapampuwo amalamulidwa ndi mawaya omwe anapsa aja. Ku Browns Ferry zida zadzidzidzi zoziziritsira riyakita yoyamba zinafa, anyamata anachita kusakasaka mapampu ena kuti madzi asatsike.

Kutsatira apo bungwe loyang'anira nyukiliya ku America, NRC, linatulutsa malamulo okhwima mu 1980 omwe amadziwika kuti Appendix R, ndipo pa nkhani ya madzi mfundo yake ndi yoti chilichonse chikhale ndi chinzake. Magwero amadzi awiri osiyana, lililonse lokwanira palokha kuthira kwa maola awiri osalekeza. Ngati ndi mathanki, malangizo awo amati iliyonse isachepere magaloni 300,000, omwe ndi malita oposa 1.1 miliyoni, tingoti zidebe za malita 20 zoposa 56,000, ndipo ikatha izitha kudzadzanso pasanathe maola 8. Chiwerengerocho sichongolota, amatenga masprinkala, timipopi ta kudenga towaza madzi tokha moto ukabuka, amene amamwa madzi ambiri pamalopo n'kuphatikizapo malita pafupifupi 1,900 pa mphindi a mapaipi omwe ozimitsa moto amagwira pamanja.

Pali kamfundo kena komwe ndimakakonda kwambiri. Ngati thanki imodzimodziyo ikuperekanso madzi a ntchito zina, paipi ya ntchito zinazo amaibowolera m'mwamba, ya moto pansi, ndiye kaya wina atsegule mpopi usiku wonse madzi amathera pomwe pali bowo lakelo, a moto osakhudzidwa. Palibe kompyuta apa, ndi nzeru za pulambala basi. Ine ndinapitapo pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Luwinga kuno, thanki yalembedwa bwinobwino ndi penti yofiira kuti ya moto, kukwera pamwamba kusuzumira muli madzi ofika m'mawondo, kufufuza ndinapeza alumikizako paipi ya kuzimbudzi ndi ina yothirira kapinga. Nditafunsa, a gadi anangoti bwana, madzi akasiya pampopi ndiye timadalira imeneyo. Sindinawadzudzule mdalayo, analumikiza si iwo.

Mapampu nawo chimodzimodzi, amakhala osachepera awiri, ina ya magetsi ina ya dizilo, m'zipinda zosiyana zotchingidwa ndi khoma losagwira moto, poti moto ndi kuthima kwa magetsi zimakonda kubwerera limodzi, ife a Malawi izi sitifunika kuuzidwa. Palinso kapampu kakang'ono, timakatchula joke pampu, ntchito yake kungosunga puresha m'mapaipi. Kakamangolira pafupipafupi dziwani kuti penapake pansi pakudontha. Paipi yaikulu amaiyala mozungulira siteshoni yonse ngati mphete, ma hydrant, mipopi yolumikizapo mapaipi ozimitsira moto, pafupifupi mamita 75 alionse, ndi mavalavu odula zigawo, kuti pakaphulika pamodzi mutseke mbali ziwiri madzi n'kuzungulira njira inayo.

Zonsezi zikhoza kukhalapo koma n'kukugwiritsanibe fuwa la moto. Pa 16 July 2007 chivomezi chinagwedeza siteshoni ya Kashiwazaki-Kariwa ku Japan, thiransifoma ina inagwira moto, ogwira ntchito atathamangira ku hydrant madzi ankangotuluka mwaulesi chifukwa nthaka itatitimira mapaipi apansi anathyoka, motowo unayaka pafupifupi maola awiri mpaka ozimitsa moto a mumzinda anabwera n'kuuzimitsa. Mapampu abwino, madzi alipo, koma njira yaduka. Atatero kampani ya TEPCO, eni siteshoniyo, inaika magalimoto ozimitsa moto m'masiteshoni ake, ndipo taonani mmene zinthu zimayendera, pa 11 March 2011 tsunami itamiza majenereta ku Fukushima Daiichi, siteshoni inanso ya TEPCO, magalimoto amenewo ndi omwe anakhala chiyembekezo chomaliza, ankapopa madzi kudzera m'mapaipi a moto kulowetsa mu riyakita, abwino atatha anayamba a m'nyanja. Sizinakwanire, mariyakita atatu anasungunuka mkati, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ena mwa madziwo ankapatukira m'mapaipi ena osafika pomwe ankafunika. Komabe kuyambira pamenepo palibenso amene amaona paipi yofiira ija ngati kachinthu kapambali.

Mdani wamkulu koma si chivomezi, ndi kukhala. Pampu ya moto imatha chaka chonse osaona moto, batire imafooka mwakachetechete, dizilo amakalamba kapena amasanduka wa jenereta ya ofesi, dzimbiri ndi matope zimadya paipi mkati kunja ikuwala penti, ku America masiteshoni otunga mumtsinje anavutikapo ndi tinkhono tomwe timaswana m'mapaipi mpaka kutseka njira. Ndi chifukwa chake buku lomwe ambiri timatsatira, NFPA 25, limati pampu ya dizilo iziyatsidwa sabata iliyonse kwa mphindi 30, ndipo kamodzi pachaka muitsegulire madzi enieni n'kuyeza ngati ikuperekadi malita ndi puresha zomwe zinalembedwa pa chitsulo chake. Mavalavu amawamanga ndi tcheni ndi loko ali otsegula, kapena kuwaika kachipangizo kolira wina akangowatembenuza, chifukwa masprinkala akalephera kawirikawiri chimakhala kuti munthu anatseka valavu pokonza n'kuiwala. Ku nyukiliya pampu imodzi ikafa samangolemba kuti tidikira bajeti, pamakhala masiku owerengeka oti ikonzedwe, ndipo chida chozimitsira kapena chonunkhiza moto chikafa pamalo ofunika amaikapo munthu wolondera moto mpaka chikonzedwe.

Ife a Mzuzu moto timaudziwa, December 2015 laibulale ya Mzuni inapsa mabuku masauzande n'kusanduka phulusa, za misika ndiye osanena. Ndipo mvula yathu yambiriyi imatipusitsa, timaona ngati madzi ndi nkhani yosavuta, chonsecho madzi a mumtsinje wa Lunyangwa sangakwere okha kufika pa fulo yachitatu.

Ku Luwinga kuja ndinabwererako patatha miyezi itatu. Paipi ya kuzimbudzi anaisunthira m'mwamba, thanki inali yodzadza ndithu, ndinasangalala. Ndiye ndinati tiyatseko ya dizilo timve, kupotokola kiyi, zii. Batire anali atabwereka a dalaivala a lole.