Gemu ya pa 9 Ogasiti 1942 ku Kyiv ndi zomwe zinawachitikira anyamata a FC Start

Chaka chilichonse ikangokwana 9 Ogasiti nkhani ija imayambanso kuzungulira mmagulupu athu a mpira, yoti mu 1942 ku Kyiv osewera a Dynamo anauzidwa ndi asilikali a Hitler kuti mukawina mufa, iwo nkukana, nkuwina 5-3, kenako nkuomberedwa onse ali chivalire ma jezi. Sabata ino ndaionanso anthu akupatsirana, ena mpaka akuti anaphedwera pabwalo pompo. Ine nkhaniyi imandikhudza kwambiri, makamaka pano pomwe ku Ukraine kulinso nkhondo ndipo ligi yawo yomwe inayambiranso pa 23 Ogasiti 2022 inkaseweredwa opanda masapota, sailini ikalira osewera kumathawira kobisala gemu ili mkati. Nde ndati ndilembeko zomwe zimadziwika, chifukwa anthu amenewa anavutika zenizeni ndipo akuyenera kukumbukiridwa ndi zomwe anadutsamo.

Germany inalowa mu Soviet Union, yomwe Ukraine inali mbali yake, pa 22 Juni 1941, tsiku lomwelo ku Kyiv amayenera kutsegulira sitediyamu yatsopano ndi gemu ya Dynamo ndi CDKA ya ku Moscow, gemuyo siinaseweredwe ndipo ligi yonse inathera pomwepo. Osewera ambiri analowa usilikali, ena anagwidwa ukaidi. Kyiv inagwa pa 19 Seputembala, ndipo pa 29 ndi 30 mwezi omwewo Ayuda 33,771 anaomberedwa mchigwa cha Babi Yar kumphepete kwa mzindawo. Dzinalo mulisunge, tibwererakonso.

Mu mzindamo munali njala yoopsa, komanso munthu wamphamvu zake opanda pepala la ntchito amatha kungotengedwa kukagwira ntchito yakalavulagaga ku Germany. Apa mpomwe pakubwera Josef Kordik, bwana wa fakitale yophika buledi, munthu ochokera ku Moravia okonda masewera kwambiri. Iyeyu anakumana ndi Mykola Trusevich, goloboyi wa Dynamo yemwe Kyiv yonse inkamudziwa, ali wowonda wosauka, nkumupatsa ntchito pafakitalepo. Trusevich anayamba kusakasaka anzake mmodzimmodzi, Makar Honcharenko, Ivan Kuzmenko, Oleksiy Klymenko, Mykhailo Sviridovsky, Mykhailo Putistin, Fedir Tyutchev ndi ena, kuphatikizapo atatu a timu ya Lokomotiv. Anthu omwe dzana ankachemereredwa ndi bwalo lodzadza tsopano amasesa pabwalo la fakitale ndikunyamula matumba a ufa, koma ntchito ya pabekale nthawi imeneyo inali moyo weniweniwo, umapezako kabuledi komanso pepala. Timu yawo anaitcha Start.

Mu mzindamo munalinso timu ina, Rukh, ya Georgiy Shvetsov yemwe ankagwirizana ndi olamulira atsopanowo ndipo ndi amene ankayendetsa za mpira. Iye ankafuna akatswiri a Dynamo abwere kwake koma sanapite. Pa 7 Juni 1942 Start inakumana ndi Rukh nkuikuntha. Magemu otsatirawo sindichedwapo, anali ndi matimu a asilikali a Hungary ndi Germany ndipo onse anawina, ina 6-0, yovutirapo inali 3-2 ndi a Hungary kumapeto kwa Julayi. Tisaiwale kuti adaniwo sanali akatswiri ayi, anali asilikali wamba okonda mpira, okhuta bwino, pomwe a Start anali akatswiri enieni koma anjala otopa ndi shifiti.

Pa 6 Ogasiti anachinya Flakelf 5-1, timu ya asilikali oombera ndege a Luftwaffe. Ajeremani anapempha chibwereza nsanga nsanga, patangotha masiku atatu, pa sitediyamu ya Zenit yomwe lero imatchedwa Start. Anthu analipo pafupifupi 2,000. Pa hafu taimu Start imatsogola 3-1, gemu inatha 5-3. Izi palibe amatsutsa, ndipo posita yoitanira anthu ku gemuyo ilipo mpaka lero.

Zomwe anthu amakangana ndi zokometsera zija. Mabuku a nthawi ya Soviet amati refa anali ofesala wa SS, gulu lankhanza la Hitler, analowa mchipinda chosinthira nkulamula kuti apereke sawatcha ya Hitler, anyamatawo nkukuwa moni wa masewera wa kwawo mmalo mwake, amatinso pa hafu taimu kunabwera wina kudzawaopseza, komanso kuti Klymenko anadyetsa njomba difensi yonse ndi goloboyi yemwe, atafika pamzere wa golo nkuubweza mpira pakati mwachipongwe. Zimakoma kumva, inenso ndikanakonda zikanakhala choncho. Koma anthu omwe analipo atayamba kulankhula momasuka Soviet Union itagwa ananena zina. Mwana wa Putistin, yemwe anali kamnyamata ka zaka 8 kotola mipira tsiku limenelo, anati gemu itatha panalibe chipwirikiti, osewera anapita kwawo, ndipo pali chithunzi chomwe amati chinajambulidwa tsikulo, matimu onse awiri ataimirira limodzi nkhope zili zomasuka. Honcharenko mwini wake mu 1992 anati palibe anawauza kuti aluze. Tsono Honcharenko yemweyo zaka za mmbuyo ankafotokoza mogwirizana ndi boma, nde wina atha kufunsa kuti timukhulupirire liti. Ine ndimatsamira ku zomwe ananena atakalamba, nthawi yomwe KGB, apolisi achinsinsi a Soviet, kunalibenso ndipo analibe choopa kapena chopindula.

Chomwe chimagwetsa nkhani ya kuphedwa pompopompo ndi ichi, pa 16 Ogasiti, patatha sabata yathunthu, Start inaseweranso gemu ina ndipo inathira Rukh 8-0. Anthu ophedwa pa 9 sangasewere pa 16. Ndipo kwa ine apa mpomwe zinthu zinatembenukira, chifukwa patangotha masiku awiri, pa 18 Ogasiti, a Gestapo, apolisi achinsinsi a Hitler, anafika pafakitale ya buledi ija ndi mndandanda wa maina nkutenga osewera angapo, ena anagwidwa masiku otsatira. Funso nkumati anapereka mainawo ndani. Honcharenko ankaloza Shvetsov, kuti 8-0 ija inamuwawa ndipo anakawaneneza. Olemba mbiri sanapeze pepala lotsimikiza zimenezo, nde zimakhala ngati mawu a munthu mmodzi yemwe anali ndi chifukwa chomuda Shvetsov, komabe kayendedwe ka masikuwo kamapangitsa munthu kuganiza. Mlandu omwe ankawafunsa sunali wa mpira. Dynamo sinali kalabu wamba, inali ya apolisi achinsinsi a Soviet, a NKVD, osewera ake ankalembedwa ngati antchito a kumeneko, ndipo Ajeremani ankaopa kuti anthu amenewa anasiyidwa dala mu mzinda kuti aziononga zinthu. Palinso nkhani ina yoti ankawaganizira kuti amathira magalasi operapera mu ufa wa buledi wa Ajeremani, koma iyi imangomveka mmakambidwe. Sikuti timu yonse inamangidwa, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi maganizo oti chomwe ankasaka ndi dzina la Dynamo.

Mwa osewera omangidwawo, Mykola Korotkykh, yemwe anagwirapodi ntchito ku NKVD zaka za mma 1930, anafera mmanja mwa a Gestapo akuzunzidwa. Oleksandr Tkachenko anaomberedwa mu Seputembala, akuti ankafuna kuthawa. Otsalawo anawatumiza ku kampu ya Syrets, pafupi penipeni ndi Babi Yar, komwe wamkulu wake anali Paul Radomski, munthu odziwika ndi nkhanza. Honcharenko ndi Sviridovsky anapatsidwa ntchito yosoka nsapato za asilikali kunja kwa kampu, ndipo mwina nchimene chinawapulumutsa chifukwa kenako anathawa. Trusevich, Kuzmenko ndi Klymenko anali mgulu la ntchito zolemetsa. Pa 24 Febuluwale 1943, patadutsa miyezi isanu ndi umodzi ndi theka chichitikireni gemu ija, akaidi anandandalikidwa ndipo ena mwa iwo anaomberedwa ngati chilango cha gulu, atatuwa anali momwemo. Chifukwa chake mboni zimasiyana, ena amati kunali kubwezera zomwe zigawenga za Soviet zinaononga mu mzinda, ena amati panali mkangano mkampumo. Matupi awo anatayidwa ku Babi Yar.

Asilikali a Soviet atalandanso Kyiv pa 6 Novembala 1943, opulumuka aja sanalandiridwe ngati ngwazi ayi. Kusewera mpira ndi adani kunkaoneka ngati kugwirizana nawo, anafunsidwa mafunso ndi a NKVD, ndipo awiri, Lev Gundarev ndi Georgiy Timofeyev, omwe anagwirapo upolisi pansi pa Ajeremani, anatumizidwa ku makampu a ukaidi zaka zingapo. Kenako boma linaona kuti nkhaniyi itha kugwira ntchito. Kumapeto kwa zaka za mma 1950 inalembedwa munyuzi ndi mbuku, mu 1962 kunatuluka filimu yomwe anthu mamiliyoni anaonera, pakati pa zaka za mma 1960 anayi omwalira anapatsidwa mendulo za kulimba mtima ndipo ena amoyo anapatsidwanso zawo. Tangoganizani munthu ngati Honcharenko, unaona anzako akutengedwa, iwe wakhala zaka ukukayikiridwa, lero akukuimika kutsogolo kwa ana asukulu kuti ufotokoze nkhani yomwe ukudziwa kuti siinayende choncho, ndipo ukakana ukudziwa komwe ungathere. Ine sindingamuweruze.

Ku Germany nako ofesi ya oimira boma pamilandu ku Hamburg inatsegula kafukufuku mu 1974 ndipo inamutseka mu 2005, nkunena kuti sanapeze umboni olumikiza gemu ija ndi imfa za osewerawo. Pali omwe amati nanga Ajeremani akanadziweruza okha bwanji, komanso pofika 2005 mboni zambiri zinali zitamwalira, ndipo dandaulo limenelo ndi lomveka. Kungoti olemba mbiri a ku Ukraine omwe anafufuza paokha 1991 itadutsa anafika pafupifupi pomwepo. Pomwe ine ndimasiyana nawo pang'ono mpoti kusowa kwa pepala sikukutanthauza kuti mpira sunatengepo mbali. Anyamatawa akanangokhala chete kumasesa pabekale mwina palibe akanawakumbukira kuti ndi a Dynamo, koma miyezi iwiri ndi theka maina awo anali pamaposita mu mzinda onse, akuchinya aliyense obwera kutsogolo kwawo, anthu anjala akuwaombera mmanja pamaso pa asilikali.

Mu 2012, Euro itatsala pang'ono kuyamba, filimu ina ya ku Russia yokamba za gemuyi inautsanso mkangano ku Ukraine chifukwa inaonetsa olankhula Chiyukireniya ambiri ngati ogwirizana ndi ma Nazi, nde mpaka lero mbali iliyonse imaikokera kwake nkhaniyi. Pa sitediyamu ya Dynamo ku Kyiv pali chipilala chomwe anaimika mu 1971, pali anthu anayi, Trusevich, Kuzmenko, Klymenko ndi Korotkykh. Tkachenko, yemwe naye anafera mmanja mwa a Gestapo koma anali atavalapo yunifolomu ya upolisi wa Ajeremani, sanamuikepo.