Msipu wokha suikwanira hatchi yokalamba

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva kuno ku Blantyre kuti hatchi ikakalamba ingosiyidwa kudambo, idzisamalira yokha. Zanditopetsa, chifukwa si zoona.

Ikapitirira zaka 20, mano akumbuyo amakhala ataperepeseka, moti imatafuna koma udzu osagayika. Yang'anani pansi pomwe yadyera. Mukapeza timibulu ta udzu tonyowa ndi malovu, yalavula yokha, vuto ndi mano. Dokotala wa ziweto aziwaona kamodzi pachaka.

Mu Seputembala ndi Okutobala udzu umakhala wouma, wopanda chakudya chokwanira. Sabata iliyonse sisitani m'nthiti ndi dzanja, pakuti ubweya umabisa kuwonda. Ziboda nazo zimakulabe, ziziwengedwa pakatha masabata 6 mpaka 8 alionse.

Chonde, zimene mwangomva musamazitumize pa WhatsApp musanaigwire nokha hatchiyo kapena kufunsa dokotala.