Mankhwala opha ululu pambuyo pa opaleshoni: mlingo umodzi suyenera odwala onse

Morphine, pethidine kapena fentanyl akabayidwa, gawo lina limamatirira ku mapuloteni a m'madzi a m'magazi. Gawo lomatiriralo silifika ku ubongo. Lomwe limapha ululu, lomwenso limafooketsa kupuma, ndi lotsala lija loyenda lokha.

Mapuloteni ofunika pano ndi awiri, onse opangidwa m'chiwindi: albumin, yomwe mwa munthu wathanzi imakhala magalamu 35 mpaka 50 pa lita, ndi alpha-1 acid glycoprotein, mwachidule AAG. Pa magawo 100 alionse a mankhwala, morphine amamatirira pafupifupi 35, makamaka ku albumin, tramadol 20, pethidine 60 mpaka 70, fentanyl kupitirira 80, alfentanil ndi methadone pafupifupi 90, makamaka ku AAG.

Kusiyana kumeneku sikochepa. Mankhwala omatirira magawo 90 akatsika kufika pa 80, gawo logwira ntchito lachoka pa 10 kufika pa 20, ndiye kuti lawirikiza kawiri ngakhale jakisoni ndi yemweyo.

Thupi likachekedwa, albumin imatsika pomwe AAG imakwera kwa masiku angapo. Albumin imakhala yotsika kale mwa onyentchera, a matenda a chiwindi, otaya mapuloteni mumkodzo, opsa ndi moto ndi okalamba ambiri. Makanda obadwa kumene amakhala ndi AAG yochepa. Onsewa ayambidwe ndi mlingo wochepa.

Pa morphine, kutsika kwa albumin sikusintha zambiri chifukwa amamatirira pang'ono kale. Choopsa chenicheni ndi impso. Chiwindi chimasandutsa morphine kukhala mankhwala ena otchedwa M6G, amene amaphanso ululu ndi kugonetsa. Impso zikafooka, M6G amaunjikana m'thupi ndipo wodwala amayamba kuledzera patapita maola. Pethidine, amene amabayidwa kwambiri kwa amayi obereka pa opaleshoni, amasiya norpethidine, yemwe akachuluka amanjenjemeretsa mpaka kugwetsa ngati khunyu. Mkodzo ukachepa, musabwereze pethidine.

Njira yotetezeka kwa wamkulu ndi kubaya morphine mumtsempha pang'onopang'ono, 1 mpaka 2 mg, kudikira mphindi 5, kufunsa za ululu, kenako kuwonjezera ngati kukufunika. Okalamba ndi ofooka ayambire pa 1 mg. Paracetamol wa 1 g maola 6 alionse amachepetsa morphine wofunika; wosakwana makilogalamu 50 alandire 15 mg pa kilogalamu. Kumana wodwala mankhwala poopa ngozi n'kulakwa: womva ululu satsokomola, sadzuka pabedi, ndipo chibayo chimamupeza msanga.

Tulo tosadzutsika timayamba kupuma kusanatsike, choncho magadiyani aphunzitsidwe izi. Wodwala akamagona pakati polankhula, akamavuta kudzutsa, kapena akamapuma kosakwana ka 10 pa mphindi, itanani anamwino nthawi yomweyo.

Kupuma kukatsika pansi pa 8, anamwino aleke mankhwalawo, atsegule njira ya mpweya, apereke okosijeni ndi kuitana dokotala. Naloxone (mankhwala othetsa mphamvu ya morphine ndi anzake) wa 0.4 mg asungunulidwe ndi saline (madzi a mchere a m'diripi) kufika 10 ml, abayidwe 1 ml mphindi 2 zilizonse mpaka kupuma kubwerere. Kubaya yense kamodzi kumadzutsa ululu wonse mwadzidzidzi. Mphamvu ya naloxone imatha kutha pasanathe ola pomwe morphine akadali m'magazi, ndiye wodwalayo asasiyidwe yekha ngakhale watsitsimuka.